Kompresa yopopera matayala ya masilinda awiri: yabwino, koma imafuna kuidziwa

Kompresa iyi ndayenda nayo chilimwe chonse ndi dzinja lomwe, ndipo pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi. Ndi ija ya 12V ya masilinda awiri, yobwera m'chikwama chakuda, yokhala ndi mawaya a zopanira zomwe mumalumitsa pa batire. Ndinaigula m'sitolo ina ya zipangizo za galimoto konkuno ku Lilongwe. Pabokosi analemba kuti imatulutsa mpweya wa malita 160 pa mphindi ndipo imafika 150 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya m'tayala). Dzina sinditchula poti makina amodzimodziwa amabwera ndi mayina osiyanasiyana, chosintha ndi sitika ndi mtundu wa penti basi. Mukaiona muizindikira.

Ndimayendetsa Hilux ya matayala a 265/65 R17. Mkati mwa sabata imakhala ya kumunda, mbali za Mchinji ndi Ntchisi, itasenza feteleza kapena matumba a soya. Mpata ukapezeka timapita ndi banja ku Dzalanyama kudzera ku Likuni, kunyanja ku Senga Bay, ndipo ku Nyika tinafikanso nayo.

Anthu ambiri akamva za kompresa amaganiza za tsiku lomwe tayala laphwa pakati pa tchire. Imathandizadi pamenepo, koma phindu lake lalikulu ndi lakuti imakulimbitsani mtima wophwetsa matayala dala. Tayala lopopedwa 2.4 bar (bar ndi muyezo winanso wa mpweya, 2.4 bar ndi pafupifupi 35 psi) ndi labwino pa M1. Mukalowa nalo mumsewu wa fumbi wa timabampu tondondozana tija, galimoto imangodumphadumpha, kumbuyo kumathawira m'mbali mukamakhota, ndipo mwala wakuthwa umalibaya mosavuta chifukwa lauma gwa. Ine ndikangosiya tala ndimatsitsa kufika 1.8. Pamchenga wa kunyanja ndimafika 1.3 kapena 1.2. Mpweya ukachepa chotero, gawo la tayala lomwe limagunda pansi limatalika, kulemera kwa galimoto kumagawikana, ndiye m'malo mokumba dzenje limayenda pamwamba pa mchengawo. Kusiyana kwake kumamveka mumsana, ngakhale ana okhala kumbuyo amasiya kudandaula.

Nkhani imavuta potuluka. Tayala lofewa mukalithamangitsa pa tala, m'mbali mwake mumapindika nthawi iliyonse likazungulira, limatentha, ndipo likhoza kuphulika muli pa liwiro, makamaka galimoto ikakhala ndi katundu. Choncho mpweya uyenera kubwerera pomwe fumbi lathera pomwepo. Malo omwetsera mafuta akhoza kukhala kutali, ndipo mukafika mumapeza pampu inafa kalekale kapena magetsi azima. Madalaivala ambiri omwe ndimawadziwa ubwino wophwetsa amaudziwa, chomwe alibe ndi chopopera. Zimandiwawa kuona munthu akuwotcha klachi pamchenga, anyamata akukankha thukuta lili kamukamu, pomwe akanangotsitsa mpweya n'kutuluka bwinobwino.

Pogula musatengeke ndi nambala ya psi. Timapampu tating'ono tolowetsa pa soketi ya ndudu timalembedwa 250 psi, tina mpaka 300 psi, ndipo ogulitsa amaloza pomwepo. Tayala la galimoto ngati yangayi limafuna pakati pa 30 ndi 40 psi, ndiye manambala akuluakuluwo alibe nanu ntchito. Chofunika ndi kuchuluka kwa mpweya womwe makinawo amakankha pa mphindi, komanso nthawi yomwe angalire asanatenthe. Soketi ya ndudu imakhala ndi fyuzi ya maampu 10 kapena 15, ndipo mota yoyendera moto wochepa chomwecho singadzaze tayala lalikulu msanga. Mlamu wanga ali ndi kotere. Pa Sienta yake m'tauni muno kamamuthandiza ndithu, koma titakayesa pa Hilux kanalira mpaka tinatopa kudikira, tayala limodzi lisanakwane, kenaka kanayamba kununkha pulasitiki. Ya masilinda awiriyi imakoka moto wopitirira maampu 30, n'chifukwa chake imalumikizidwa pa batire penipeni, injini ikulira. Mukaipopetsa injini itazima, mudzafuna okukankhani.

Liwiro lake ndilibe nalo dandaulo. Kuchoka pa 1.5 kufika 2.3 bar zimanditengera mphindi ziwiri kapena kuposerapo pang'ono pa tayala limodzi. Matayala onse anayi, kuphatikiza kutsegula boneti, kuzungulira galimoto ndi kulongedza, ndi mphindi pafupifupi 15. Malita 160 a pabokosi aja musawakhulupirire kwambiri, chifukwa amayezedwa mpweya ukungotulukira panja popanda chotchinga. Tayala likamadzaza makinawo amalimbana ndi mpweya womwe uli kale mkati, ndipo mumamva kalilidwe kakusintha. Ku Nyika ndinaona kuti imachedwerako. Kumeneko n'kokwera mamita opitirira 2,000 pomwe Lilongwe ali cha pa 1,050, mpweya ndi wopepuka, ndiye silinda imakoka wochepa nthawi iliyonse.

Pomwe ndachotsera nyenyezi imodzi ndi pa kutentha. Mu Okutobala tikuchokera kunyanja ndi galimoto ziwiri, tinaima pansi pa mtengo wa mango pomwe mchenga ukuthera. Yanga ndinapopa yonse popanda vuto. Tili mkati mwa galimoto ya anzathu, kompresa inangoti zii. Sinafe ayi, muli kachipangizo komwe kamadula moto ikatentha mopitirira. Mitu ya masilinda inali yoti simungaikhudze, ndipo kachitsulo kolumikizira paipi kanamuwotcha mnzanga chala mpaka chinatuluka thuza. Tinadikira ana akudya mango, itazizira inayambanso n'kumaliza ntchito. Kudzizimitsa kotereku ndi chitetezo chabwino, koma kukusonyeza malire ake. Iyi ndi kompresa ya galimoto imodzi, ziwiri ngati muli ndi nthawi yodikira. Magolovesi azikhala m'chikwama momwemo, ndipo musaibwezere m'chikwamamo isanazizire chifukwa imasungunula nsalu ya mkati.

Geji yake ndi yongoyerekeza. Makina akamalira singano imanjenjemera n'kuloza pamwamba, mukazimitsa imagwa. Ngakhale itazima, ndikayerekeza ndi geji yanga ya m'manja zimasiyana ndi 0.2 bar. Gulani geji yapadera, si yodula, ndipo muziikhulupirira iyoyo. Kumbukiraninso kuti tayala lomwe layenda limaonetsa mpweya wokwererapo chifukwa latentha, pomwe manambala olembedwa pa sitika ya pachitseko cha dalaivala ndi a tayala lozizira. Ndikapopa panjira ndimaonjezera pang'ono, m'mawa mwake n'kuyezanso pakhomo galimoto isanayende.

Mawaya ndi aafupi. Paipi ndi yaitali bwino, koma ndi yopotanapotana ija, ndipo kuti ifike tayala lakumbuyo la mbali yotalikirana ndi batire imakokeka mpaka kugwetsa kompresa. Ndinapita nayo kwa wokonza za magetsi a galimoto ku Biwi, anandiikira waya wonenepa wautali ndi zopanira zolimba, poti zobwera nazo zinali zopyapyala ndipo zinkatentha. Mukamaonjezera waya onetsetsani kuti ndi wonenepa ngati woyambayo kapena kuposa, komanso fyuzi isachotsedwe. Waya wowonda pa moto wochuluka chonchi ndi ngozi ya moto pansi pa boneti. Kamutu kolowetsa pa valavu n'kochita kupotokola, kamagwira bwino osataya mpweya, kungoti pomasula kamaphwetsako pang'ono ngati manja akuchedwa.

Phokoso lilipo, imalira ngati chigayo cha dizilo, moti ku Chelinda, malo ogona alendo a ku Nyika, sindikanayerekeza kuiyatsa m'mamawa anthu ali mtulo. Imanjenjemeranso n'kumayenda yokha. Musaiike pafumbi kapena pamchenga, chifukwa chomwe yakoka ndi chomwe chimalowa m'silinda. Ine ndimayala kapeti wa pansi pa mpando. Timasiponji tosefa mpweya timatseguka ndi dzanja, ndimatikuntha ndikabwera ku ulendo uliwonse wa fumbi.

Pali chinthu chimodzi chomwe singachite. Tayala likavuka pa rimu, zomwe zimachitika mukatsitsa kwambiri mpweya n'kukhota mwamphamvu, pamafunika mpweya wambiri wobwera kamodzi kuchokera m'thanki, ndipo iyi ilibe thanki. Pamenepo ndi jeke ndi sipeya basi. N'chifukwa chake sinditsika pansi pa 1 bar. Koma pa kubooka kwa msomali kapena minga imagwirizana bwino ndi tizingwe tomatira matayala opanda chubu. Mumazula msomali, kulowetsa kachingwe, kupopa, n'kumapita tayala osalichotsa n'komwe. Njira ya ku Ntchisi nthawi ya mvula inandionetsa kufunika kwake, poti kuimika jeke pamatope si ntchito yamasewera.

Kwa amene amayenda m'tchire tsiku ndi tsiku, monga onyamula alendo ku Nkhotakota ndi ku Kasungu kapena oyendetsa galimoto za mabungwe zoyenda mondondozana, ndingati sungani ndalama mugule zamphamvu ngati ARB ya ku Australia ya mamota awiri, yomwe inapangidwa kuti izilira osapumira, kapena VIAIR zikuluzikulu. Mtengo wake ndi wowawa, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, ndipo nthawi zambiri mumachita kuitanitsa ku South Africa. Kwa mlimi kapena banja la galimoto imodzi ngati ine, iyi ikukwanira ndipo ndikhoza kuigulanso.

Musanapereke ndalama, apempheni a m'sitolo kuti muiyesere panja pa galimoto yanu. Phwetsani tayala limodzi kufika 1.5, muone nthawi yomwe itenge, mugwire mawaya ngati akutentha, ndipo mumvetsere ngati polumikizira paipi pakutuluka mpweya. Funsaninso fyuzi yapadera ya saizi yake, chifukwa ndi yaikulu kuposa za m'galimoto ndipo m'magolosale a kumudzi simungaipeze.