Ndemanga yanga pa mabuku 4 omwe ndinagula: awiri a mbiri ya moyo, awiri a nkhani zopeka

Ndakhala ndikulonjeza anzanga kuti ndilemba za mabuku omwe ndinagula nthawi ya dzinja kwa mayi wina amene amagulitsa mabuku akale pa WhatsApp, nde poti lotsiriza ndalimaliza sabata yathayi ndati ndilembe zisanandichoke m'mutu. Mabuku ake ndi The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, Born a Crime la Trevor Noah, We Need New Names la NoViolet Bulawayo, ndi chibuku chachikulu chija cha Namwali Serpell, The Old Drift. Awiri oyambawo mwini wake akufotokoza zomwe adadutsamo, awiri enawo ndi nkhani zopeka. Onse ndi a Chingerezi.

Ndiyambe ndi ogulitsa mwachidule. Anatumiza pa basi ndipo katundu anafika tsiku lomwe tinagwirizana, pamenepo ndiwayamike. Koma anangokulunga mu nyuzipepala opanda pulasitiki nthawi ya mvula, The Old Drift linanyowa pakona mpaka masamba anafufuma, ndinachita kuliyanika pawindo masiku awiri nkulipsinja ndi njerwa. Born a Crime anati ndi orijino koma ndi lojambula, zilembo zotuwa ndipo guluu wake anayamba kumasuka ndisanafike pakati. Nditawauza anapepesa nkubweza kangachepe. Mukamagula kwa anthu otere muziwapempha kuti ajambule masamba a m'kati, osangoti chikuto chokha.

Tsopano mabukuwo.

La Kamkwamba, lomwe linatuluka mu 2009, ndinaliyamba ndikuganiza kuti nkhaniyi ndikuidziwa kale, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu anapanga magetsi ndi mphepo, filimu yake ya 2019 ndinaionera, nde chatsopano nchiyani. Ndinalakwa. Mtima wa bukuli si makina aja ayi, ndi njala ya 2001 mpaka 2002. Ine nthawi imeneyo ndinali mu sitandade 5 ku Ntchisi, ndipo powerenga mmene banja lawo linatsikira kufika pakudya kamodzi patsiku, mmene anthu ankalimbirana gaga yemwe kale tinkapatsa nkhuku, mmene mayi ake anasandutsa ufa wotsala kukhala zigumu zogulitsa kuti apeze wina wa mawa, ndinatseka buku kaye. Ndinawaona amayi anga akuyeza ufa ndi kakapu kabuluu kothyoka chogwirira, akafika pakamwa pa kapu amasesa ndi chala kuti pasapitirire ngakhale pang'ono, ife titangokhala phee kuyang'ana chala chimenecho. Zaka zonsezi sindinaganizepo za kapu imeneyo. Ndipo pamene akufotokoza za galu wake Khamba, nthiti zili pamtunda, nkumutengera kutchire kukamumangirira pamtengo chifukwa panalibenso chomupatsa, abale, munthu wamkulu ine misozi inatuluka mu minibasi.

Pa makina napo wafotokoza bwino, kuchotsedwa ku sekondale chifukwa chosowa fizi, kupeza buku la Using Energy mu kalaibulale ka pa pulayimale, kutola fani ya thirakitala, dayinamo ya njinga, kuwotcha mapaipi nkuwaphwatika kuti akhale mapiko, nsanja ya mitengo ya bulugamu, anthu akumuti wayamba misala. Mwana wa fomu 2 atha kumva magetsi pamenepa kuposa m'kalasi. Chofooka chake chikubwera atatchuka. Atolankhani akangofika iye nkupita ku TED, msonkhano wa anthu ofotokoza nzeru zatsopano, ku Arusha mu 2007, bukuli limayamba kuthamanga, limakhala ngati mndandanda wa anthu abwino omwe anathandiza ndi malo omwe anapita. Mnyamata uja tinali naye pafupi uja amatalikira. China, umamva kuti pali dzanja lachiwiri la mzungu likulembera azungu anzake, nsima kuifotokoza kuti ndi chiyani, sing'anga kumufotokoza, ine Mmalawi ndimakhala ngati mlendo pakhomo panga pomwe. Sindikuwada nazo poti ankafuna dziko lonse limve, koma zimandiziziritsa. Ngakhale zili choncho pa anayiwa ili ndi lomwe ndingauze aliyense kuti gulani osaganiza kawiri.

Born a Crime la 2016 ndinalimaliza masiku atatu, limayenda ngati madzi. Noah, katswiri wa nthabwala, anabadwa mu 1984 ku Johannesburg, mayi ake Mxhosa bambo ake mzungu wa ku Switzerland, nthawi yomwe malamulo a tsankho ankaletsa wakuda ndi mzungu kugonana, nde kubadwa kwake komweko kunali umboni wa mlandu. Limayamba ndi mayi ake akumukankha kuchoka mu minibasi ikuyenda pothawa dalaivala woopsa, ndipo kuyambira pamenepo suimanso. Ine ndinganene kuti bukuli si la Trevor kwenikweni, ndi la mayi ake, mzimayi wouma mutu wopemphera matchalitchi atatu Lamulungu limodzi, amene anakana kuti boma limuuze kokhala ndi womukonda. Mutu wotsiriza, pomwe akufotokoza nkhanza za mwamuna wachiwiri wa mayi ake, apolisi akukana kulemba mlandu nkumati pitani mukakambirane kunyumba, mpaka kudzawawombera mfuti m'mutu iwo nkupulumuka, pamenepo nthabwala zonse zimatha ndipo umazindikira kuti munthuyu amatha kulemba. Mawu a apolisi amenewo azimayi ambiri kuno awamvapo. Ndinakondanso kuti sanalowetsemo za kutchuka kwake ku America, anaima pomwe nkhani ya kwawo inathera, chomwe la Kamkwamba linalephera.

Koma pali pomwe sindinakhutire. Nkhani zake sizitsatana zaka, mutu uwu ali mnyamata akugulitsa ma CD okopa ku Alexandra, kwina wabwerera kukhala kamwana kwa agogo ku Soweto, nthawi zina ndimasokonezeka kuti ali ndi zaka zingati. Ndipo nkhani zina zasalala mopyola, umamva kuti zinanenedwapo kambirimbiri pa siteji mpaka zinapeza pogwera pabwino, moyo weniweni sukhala ndi mathero okonzeka choncho. Apa ndi pomwe ndimaona vuto la mabuku a mbiri ya moyo, wolemba ndi yemwe ali mboni, ndi yemwenso woweruza, palibe wina womutsutsa kuti ayi sizinayende choncho. Umangokhulupirira poti wanena kuti zinachitika.

We Need New Names la 2013 ndi lomwe landisiya ndi maganizo awiri mpaka pano. Theka loyamba ndi moto. Darling, kamtsikana ka zaka 10 ka ku Zimbabwe, ndi anzake Bastard, Chipo, Godknows, Sbho ndi Stina, amakhala m'zisakasa za malata pamalo otchedwa Paradise nyumba zawo zitagumulidwa, nde amapita kudera la olemera lotchedwa Budapest kukaba magwafa. Amadya mpaka kudzimbidwa ndi njere, ndipo aliyense amene anakulira pafupi ndi mtengo wa gwafa akudziwa ululu umenewo, sizofunika kufotokozeredwa. Chomwe Bulawayo wachita bwino nchakuti mwanayo sadzimvera chisoni, amaona zinthu zoopsa ndi maso a mwana nkupitiriza masewera, Chipo ali ndi pakati ali ndi zaka 11 koma anzake akungodandaula kuti sakuthamanganso bwino. Iwe wowerenga ndi amene umanyamula katunduyo. Buku la mbiri ya moyo silingathe zimenezi chifukwa wamkulu wolembayo amalowererapo kuti atiuze tanthauzo. Mutu woyambawo unapambana mphoto ya alembi a mu Africa ya Caine Prize mu 2011 uli nkhani payokha, ndipo buku lonse linafika pa mndandanda wotsiriza wa mphoto ya mabuku ya Booker mu 2013, sizodabwitsa.

Vuto nlakuti wathiramo zonse. Edzi, zisankho zachiwawa, m'busa wonyenga, a mabungwe ojambula ana osauka, Matchaina omanga, kulanda nyumba za azungu, mutu uliwonse vuto lake, ngati munthu amene wapita kumsika ndi thumba limodzi akufuna zonse zikwanemo. Nkhani ya bambo ake obwera kuchokera ku Joni akudwala inali yokwanira buku lonse payokha koma yadutsa msanga. Kenako Darling akapita ku Michigan kwa azakhali ake Fostalina bukuli limazizira, mwina ndi dala poti nayenso wazizidwa mumtima, koma ine ndinayamba kuwerenga mokoka. Chinandidzutsa ndi mutu umodzi womwe sakulankhulanso Darling yekha koma "ife", anthu onse okhala kunja opanda mapepala, ogwira ntchito zomwe kwawo sangazinene, otumiza ndalama koma osatha kubwera kumaliro a makolo awo. Achimwene anga ali ku Joni chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, maliro a agogo anawaonera pa foni. Masamba amenewo ndinawajambula nkuwatumizira, anangoyankha kuti "ndaona mlongo wanga" basi, sitinakambenso.

The Old Drift la 2019 nde ndi phiri, masamba opitirira 500, linanditengera miyezi iwiri. Likutsata mabanja atatu ku Zambia kwa mibadwo itatu, agogo, amayi, ana, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pafupi ndi mathithi a Victoria mpaka m'zaka za m'ma 2020. Mtundu wa nkhani umasinthasintha, poyamba ngati mbiri yakale ya atsamunda, kenako zamatsenga, Sibilla wa ku Italy wobadwa ndi tsitsi thupi lonse lomwe silisiya kukula, Agnes wa ku England wosewera tenisi amene anachita khungu nkukwatiwa ndi Mzambia, Matha amene akulira zaka ndi zaka misozi osauma, kenako kumapeto zasayansi zamtsogolo, tindege ting'onoting'ono tonga udzudzu ndi katemera wa kachilombo. Pakati pa mitu amalankhula ndi udzudzu, inde udzudzu weniweni, ngati kwaya. Gawo la agogo atatuwo ndi zina mwa zokoma kwambiri zomwe ndawerengapo. Za Edward Nkoloso, mphunzitsi amene m'ma 1964 ankaphunzitsa achinyamata kuti Zambia ipite kumwezi, ndinayesa zopeka mpaka nditafufuza pa intaneti nkupeza kuti analikodi. Za damu la Kariba ndi Atonga omwe anasamutsidwa m'zaka za m'ma 1950 ndaziphunzira muno, kusukulu tinkangoloweza kuti lili pa Zambezi. Ndipo kukumana ndi mawu a Chinyanja apa ndi apo m'makomboni a Lusaka ngati Kalingalinga, osawapepesera, zinandikoma zedi pambuyo pofotokozeredwa nsima mu buku lina lija.

Koma kunena zoona linanditopetsa. Anthu ndi ochuluka, mtengo wa mabanja womwe uli koyambirira ndinautsegula mwina ka 30, ndipo ukangoyamba kumukonda munthu wolemba amamusiya nkupita kwa wina, ukadzamupezanso wakalamba ali pakona ya nkhani ya mwini. Zimapweteka, makamaka Matha. Gawo la ana, Joseph, Jacob ndi Naila, silinandigwire, amakambirana ndale ndi zaukadaulo nthawi yaitali ndipo sindinawamve ngati anthu a magazi mmene ndinamvera agogo awo. Mathero ndi aakulu mwa phokoso koma ine anandipeza nditatsalira kumbuyo. Linapata Arthur C. Clarke Award mu 2020, yomwe ndi mphoto ya nkhani zasayansi, komabe kwa ine gawo lasayansilo ndi lomwe lili lofooka m'buku lonse. Ngati simunazolowere kuwerenga zazitali musayambire pano, mudzalisiya pa tsamba 100.

Chomwe ndaona pa anayi onsewa nchakuti aliyense ali ndi mphamvu pomwe wolemba wagwira chinthu ndi manja, galu uja pamtengo, njere za gwafa, chitseko cha minibasi, misozi ya Matha, ndipo amafooka akangotembenuka kuti asangalatse kapena kuphunzitsa munthu wakutali, kaya pofotokoza zodziwika kale kaya posenza mavuto onse a Africa pamutu umodzi. Pa nyenyezi 5, Kamkwamba ndimupatsa 4 ndi theka, Noah 4, Bulawayo 4 chifukwa cha theka loyamba ndi mutu uja wa "ife", Serpell 3 ndi theka koma gawo la agogo ndidzalibwereza ndithu. Ogulitsa 3.

La Kamkwamba panopa lili ndi mwana wa achemwali anga wa fomu 1, wandiuza dzulo kuti wafika pa njala ndipo akufunsa mayi ake ngati zinalidi choncho. Ine ndikusaka Glory la Bulawayo yemweyo la 2022, ngati wina ali nalo ku Lilongwe kuno andiuze tisinthane ndi Born a Crime, koma ndanena kale kuti masamba ake akumasuka.