OsteoMeasure ndi ImageJ pa Ntchito Yoyeza Mafupa pa Maikulosikopu

Wofufuza akaika kachidutswa kopyapyala ka fupa pa maikulosikopu, amafuna kudziwa kuchuluka kwa fupa lenileni poyerekeza ndi malo onse, kunenepa kwa timizati ta m'kati mwake, komanso liwiro limene fupa latsopano likupangikira. Mapulogalamu awiri a pakompyuta, OsteoMeasure ndi ImageJ, amayankha mafunsowa mosiyana.

OsteoMeasure, ya kampani ya OsteoMetrics ku America, inapangidwira mafupa okha. Woyeza amatsatira m'mphepete mwa fupa ndi cholembera cha pakompyuta, ndipo pulogalamuyo imawerengera zotsatira potsata mayina amene bungwe la ku America la ofufuza za mafupa, la ASBMR, linakhazikitsa mu 1987. Mphamvu yake imaonekera poyeza kakulidwe ka fupa: wodwala amamwa mankhwala a tetracycline maulendo awiri otalikirana masiku angapo, mankhwalawo amasiya mizere iwiri yowala m'fupa, ndipo mtunda wa pakati pa mizereyo ukagawidwa ndi masikuwo umasonyeza liwiro limene mchere wa m'mafupa ukuunjikira. Vuto lake ndi mtengo, komanso nthawi yambiri imene kujambula pamanja kumadya.

ImageJ, imene Wayne Rasband anatulutsa mu 1997 ku NIH, bungwe la boma la America lofufuza za umoyo, ndi yaulere, ndipo gawo lowonjezera la BoneJ limayeza timizati mwachangu, makamaka pa zithunzi za micro-CT, makina ojambula m'kati mwa tinthu tating'ono ndi X-ray. Komabe, imafuna kuti chithunzi chigawidwe kaye kukhala choyera ndi chakuda, ndipo malire ogawirawo akalakwika, manambala onse amasokonekera.

Kwa wophunzira wopanda ndalama, ImageJ ndi yokwanira, koma powerenga maselo odya fupa, ine ndingadalire diso la katswiri wogwiritsa ntchito OsteoMeasure.