KUHeS, LUANAR kapena MUST: wokhoza sayansi alowere kuti?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, makolo ambiri kuno ku Lilongwe amafuna kuti mwana amene wakhoza bwino Biology, Chemistry ndi Physics adzakhale dokotala, choncho pofunsira malo kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, dzina loyamba kulembedwa limakhala KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo. Sukuluyi idayamba kugwira ntchito mu 2021 atapanga chimodzi College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo maphunziro ake ndi apamwamba, koma malo a udokotala ndi ochepa poyerekeza ndi owafuna, moti ngakhale wopeza mapointi ochepa kwambiri amatha kutsala. Amene mtima wake uli pa zachipatala ayang'anenso Pharmacy, Physiotherapy, za labotale ndi unamwino, zomwe zili pa sukulu yomweyo.

LUANAR (Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources), sukulu ya ukachenjede ya zaulimi yomwe likulu lake lili ku Bunda, ndiyo imene ine ndimaona kuti timaipeputsa mosayenera. Tidakhala pakhonde ku Area 25 ndi mwana wa mchemwali wanga tikuwerenga mndandanda wa maphunziro pa foni, ndipo nditatchula Bunda iye adakwinya nkhope, nati sadavutike ndi Chemistry zaka zonsezi kuti akagwire khasu. Komatu ku Bunda kuli udokotala wa ziweto, sayansi ya zakudya, ulimi wa nsomba, uinjiniya wa ulimi wothirira ndi Biotechnology, zonse zofuna Chemistry yomweyo. Kuwonjezera apo, Bunda ili pa msewu wa ku Mitundu, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, kotero kholo limatha kutumiza ufa ndi nyemba pa minibasi, chinthu chimene chimapepuza kwambiri pamene ngongole ya boma ya ophunzira siikwanira pa zonse.

MUST (Malawi University of Science and Technology), yomwe idatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, ili kutali ndi kwathu ndipo ulendo wake umadya ndalama, koma ili ndi maphunziro amene ku Bunda kulibe, monga uinjiniya wa zipangizo za m'chipatala, sayansi ya miyala, za nyengo, komanso kuyenga miyala ya m'migodi. Popeza ku Kasiya, m'boma lathu lomweli, kudapezeka miyala yamtengo wapatali ya rutile ndi graphite, maphunziro a migodiwa sindikuwaonanso ngati akutali ndi moyo wathu. Amafuna Masamu ndi Physics zolimba, ndipo amene Masamu amamuvuta asadzinamize.

Wofuna uinjiniya wa misewu, magetsi kapena makina apite ku MUBAS (yomwe kale inali Polytechnic) ku Blantyre, pomwe wokonda sayansi payokha kapena uphunzitsi wake aganizire UNIMA ku Zomba ndi Mzuzu University.

Mwana wa mchemwali wanga uja, yemwe adakhoza kwambiri Biology kuposa Masamu, adasiya MUST, adalemba KUHeS poyamba monga amafunira amayi ake, kenaka udokotala wa ziweto ku LUANAR pachiwiri.