Adokotala a ziweto awa ntchito amaidziwa

Ng'ombe yanga ya Friesian itangobereka inayamba kukana madeya, nsenjere imangodyako pang'ono, mkaka kutsika, ndowe zochepa zamadzimadzi. Anzanga ku bulking group, gulu lathu logulitsira mkaka pamodzi, ankati ndi nkhupakupa. Adokotalawa atafika anaika stethoscope, chida chomvetsera m'thupi, kumanzere pa nthiti zakumapeto nkumagogoda ndi chala, kunamveka "ting" ngati ndowa yopanda madzi, nanenso anandipatsa kuti ndimvetsere. Akuti chifu chachinayi chadzaza mpweya nkusunthira kumanzere, zimakonda kuchitika mwezi woyamba ikabereka, ndipo chikapita kumanja nkupotokola ndiye zoopsa zedi. Anaigubuduza ng'ombeyo kuti chifucho chibwerere m'malo mwake nkundiuziratu kuti vutoli litha kuyambiranso, pamenepo ndi opaleshoni basi. Foni amayankha mochedwa, transipoti mumalipira nokha ndipo siyotchipa ayi, komabe ine ndidzawaitananso.