Puloti ya kwa mfumu, ya kukampani kapena ya title deed?

Wosaka puloti ku Lilongwe kapena ku Blantyre amakumana ndi njira zitatu, ndipo mitengo yake imasiyana kutalitali. Kusiyanako kumachokera pa pepala limene mudzagwire m'manja mukatha kulipira.

Kwa mfumu ndiye kotchipa, mutha kuyamba kuumba njerwa mawa lomwe. Koma mfumu ndi msungi chabe wa malo a anthu ake, ndipo kalata yachidindo ya nyakwawa kubanki saiwerengera. Vuto lofala ndi la malo a banja amene wagulitsa ndi mmodzi, abale ake osadziwa. Ngati mwalimba mtima, mwini mbumba, aneba a mbali zonse ndi a gulupu akhalepo ndipo asayine, malire muikiretu tsiku lomwelo, kenako yambani kulembetsa malowo ku boma musanathire maziko.

Makampani ogulitsa mapuloti ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa amaoneka bwino. Ofesi ili mtauni, galimoto yokaonetsa malo ndi yaulere, misewu yapalidwa ndi giledala, puloti ya mamita 15 by 30 mumalipira pang'onopang'ono. Komatu chimene amakupatsani kawirikawiri ndi sale agreement basi, pepala la mgwirizano wogulitsana. Title, chikalata cha boma chosonyeza mwini malo, imakhala imodzi ya munda wonsewo, m'dzina la kampani, mwinanso ikadali m'dzina la amene anawagulitsa. Kuti yanu ituluke, pulani yodula malowo iyenera kuvomerezedwa ndi a zamapulani, wopima malo wovomerezeka aike mabikoni osonyeza malire, puloti iliyonse ipatsidwe nambala yake. Izi zikapanda kuchitika, mungamalize kulipira, kumanga mpaka kufolera malata, koma pamalamulo malowo akadali a eni title. Choopsa kwambiri nchakuti title yaikuluyo itha kukhala chikole kubanki. Kampani ikalephera ngongole, banki imagulitsa munda wonse, ndipo malisiti anu sangaiimitse.

Pali ndalama zina zimene pa chikwangwani sazitchula: ya wopima, ya misewu, ya kutulutsa title, ina yosinthira dzina. Zonse zilembedwe m'mgwirizano, pamodzi ndi tsiku lotulutsa title. Werenganinso ndime yonena za kuchedwa kulipira, poti ena amalanda puloti nkukubwezerani ndalama zodulidwa. Kampani imene ikuzemba kukupatsani nambala ya title yaikulu, isiyeni, ngakhale mtengo ukome bwanji.

Malo okhala kale ndi title, kaya anachokera ku Unduna wa Zamalo, ku khonsolo kapena ku Malawi Housing Corporation, ndi odula, ndipo mapepala ake amatenga nthawi. Ubwino wake ndi woti zonse mutha kuzifufuza musanatulutse tambala. Pitani nokha ku Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo, osatuma dobadoba, mukapange search, kutanthauza kufufuza malowo m'kaundulamo. Idzaonetsa mwini wake, ngati pali ngongole ya banki, kapena ngati wina anaikapo chiletso. Dzinalo lifanane ndi la pa chiphaso cha amene akugulitsa. Ngati mwini anamwalira, funsani letters of administration, chikalata cha kukhoti chopereka mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye; mawu a mwana woyamba sakwanira. Lizi, kutanthauza mgwirizano wobwereka malo kwa zaka zoikika, ikakhala ya nyumba kawirikawiri imakhala ya zaka 99, choncho onani zatsala zingati. Ngongole ya ground rent (lendi ya malo a lizi) ndi city rates (msonkho wa kukhonsolo) ilipidwe kaye, apo ayi idzagwera inu. Konzekeraninso stamp duty (msonkho wa boma pogula malo), ndalama ya loya ndi chilolezo chosinthira dzina chochokera kwa amene anapereka liziyo.

Ine ndingasankhe njira yachitatuyi ngakhale puloti ichepe, ya kwa mfumu ibwere pambuyo pake. Ya kukampani ndingaiganizire pokhapokha ndaona title yaikulu yopanda ngongole kapena chiletso ndi pulani yovomerezeka.

Njira iliyonse, malowo kawaoneni mu Januwale kapena Febuluwale mvula ili mkati, dambo silibisala nthawi imeneyo. Pewani pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, m'mphepete mwa msewu ndi m'tsinde mwa phiri. Nyumba za ku Chilobwe zimene zinakokoloka ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 zinali m'munsi mwa phiri la Soche. Ndalama lipirani kudzera kubanki, ndipo gawo lomaliza musalitulutse mapepala osinthira dzina asanasayinidwe.