Aqua yanga yaona Julayi ndi Okutobala wa ku Mangochi, nkhani ya mafuta ili chonchi

Amene mwakhala mukundifunsa kuti ka Toyota Aqua kaja kakumwa bwanji mafuta, ndimadikira kaye kaone nyengo zonse ndisanayankhe. Pano kadutsa mvula, kadutsa Juni ndi Julayi, kapsa ndi dzuwa la Okutobala, ndiye nditha kulankhula. Kuzizira kumadyadi mafuta, ngakhale kuno komwe anzathu a ku Dedza amati sitidziwa chisanu, koma kumadya pa timaulendo tifupitifupi ta m'mawa basi, ndipo si kumene kwandidetsa nkhawa kwambiri.

Kwa amene simukuidziwa, iyi ndi hybrid, ili ndi injini ya petulo ya 1.5 komanso mota yamagetsi, batire lake lalikulu lili pansi pa mpando wakumbuyo. Nyengo yotentha ukadina Power, kanyali ka READY nkuyaka pa dashibodi, injini imalira pang'ono chabe kenako zii, umapezeka ukuyenda ndi magetsi okha usanafike ndi pa tara pomwe. Mu Julayi zinasintha. M'mawa dashibodi ikuonetsa madigiri 14 kapena 15, ndanyamula ana kupita nawo kusukulu, injini ikungolira osasiya kuchoka kunyumba mpaka kudutsa pa msika, ukadina batani la EV loyendera magetsi okha imangolira pii kukana. Ndiye mwana wina akati adadi kukuzizira, iwe nkuyatsa hita, basi wadziwonjezera, chifukwa kutentha kwa hita kumachokera ku madzi a injini, ndiye kompyuta ya galimoto siingalole injini izime madziwo asanatenthe. Ulendo wake waufupi, ukamafika injini ikungoyamba kumene kufunda, nkuizimitsa. Pa maulendo otere nambala ya mafuta ija imene nthawi zambiri imasewera m'ma 20 km pa lita imatsika kuonekeratu. Koma tsiku lomwelo ukapita ku Liwonde kapena ku Monkey Bay, kusiyana kwake nkochepa zedi, poti injini ikangotentha nkhani yatha.

Chifukwa chake sichovuta. Oyilo akazizira amalimba, injini imavutika kuzungulira, komanso kompyuta imathira petulo wambiri kufikira zonse zitafunda. Matayala nawo amaphwa pang'ono, kukazizira ndi madigiri 5 kapena 6 mpweya umatsika pafupifupi 1 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala), ndipo tayala lofewa limakoka galimoto. Ine ndimapimitsa m'mawa matayala asanatenthe. Onjezanipo mwera. Kuchokera ku Monkey Bay kubwerera ku boma miyezi imeneyi umalimbana ndi mphepo maso ndi maso, phazi limalemera pa moto osazindikira.

Chimodzi chimene ndikupempha achimwene anga oyendetsa ma taxi, siyani chizolowezi choliza galimoto m'mawa nkuisiya ikungolira pakhomo inu mukumwa tiyi. Injini imafunda msanga ikamayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi itangoima, ndipo mafuta amene mukuwotcha pamenepo ndi omwe aja munawagonera pa mzere.

Manambala oopsa amene mumawaona pa intaneti ndi oona, koma ndi a kwa eni chisanu. A Department of Energy ku America amati pa madigiri -7 galimoto yapetulo m'tauni imataya pafupifupi 15 peresenti ya mtunda umene imayenda pa lita poyerekeza ndi pa madigiri 25, hybrid imataya 30 mpaka 34 peresenti. Bungwe la oyendetsa magalimoto ku America la AAA mu 2019 linayesa magalimoto amagetsi okhaokha nkupeza kuti pa kuzizira komweko hita ili yoyatsa, mtunda umene batire lingayende unatsika ndi 41 peresenti. Kuzizira kumeneko kuno kulibe, ngakhale kumtunda ku Namwera. Chimene chinandigwira mtima ndi nambala ina ya mayeso omwewo, yakuti pa madigiri 35 AC ili yoyatsa mtunda unatsika ndi 17 peresenti. Madigiri 35 amenewo ndiye Okutobala wathu weniweni.

Ndipo ndi mmene zinandikhalira. AC ya Aqua imayendera magetsi a batire lalikulu lija, ndiye masana ukaima pa mzere wa mafuta magalasi otseka, batire limatsika, injini nkudzilira yokha kuti ilidzaze, kuzima, kuliranso, galimoto siikuyenda koma petulo akutha. Choposa apo ndi fumbi. Batire lija limaziziritsidwa ndi kafani kamene kamakoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kudzera pa timabowo ta m'munsi mwa mpando wakumbuyo. Nditayenda kangapo msewu wa ku Makanjira ndinayamba kumva kafaniko kakulira kwambiri kumbuyo, galimoto ikulemera ponyamuka, injini osapuma. Makanika atatsegula, zipepeso zake zinali zitamatidwa ndi fumbi lofiira losakanikira ndi tsitsi ndi timaulusi ta zovala, mpaka anachita kukolopola ndi mswachi wakale. Batire likatentha kompyuta imalichepetsera ntchito kuti lisaonongeke, ndiye katundu yense amagwera injini. Atatsuka, tsiku lomwelo kanabwerera mwakale. Si vuto la galimoto ayi, ndi misewu yathu, koma chonde amene muli nazo musamaike zikwama kapena matumba a nsomba kutseka timabowo timeneto, batire limeneli likafa mtengo wake si wamasewera.

Ndiye mukandifunsa ngati ndingagulenso, eya, mosakaika, pa mafuta sindinaonepo galimoto yondisungira ndalama chonchi. Pa zamagetsi zokhazokha ngati Nissan Leaf ndimazifuna ndithu, dzuwa tili nalo lokwanira ma sola, koma amene mukuganiza zoitanitsa kuchokera ku Japan musaope Juni. Batire la Leaf lilibe madzi oliziziritsa, ndipo kutentha ndi kumene kumalikalambitsa msanga, ndiye funsani kaye kuti latsala ndi mphamvu zochuluka bwanji, muone ngati muli ndi mthunzi woimikapo masana, komanso mmene muziitchajira masiku amene magetsi azima.