Makaniko wa pa Nchalo amene anayamba wafunsa asanamasule kanthu

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla yakale, ndipo ndimayendera pakati pa Ngabu ndi Blantyre. Vuto linayamba mu Okutobala, dzuwa la kuno kuchigwa litafika pamadigiri 40. Ndikamathamanga pamsewu wa M1 muvi wa geji ya kutentha kwa injini umakhala pakati bwinobwino. Koma ndikangolowa pa Nchalo, pamene akabaza, maminibasi ndi zonyamula nzimbe zimakuchititsa kuyenda pang'ono n'kuima, muvi uja umakwera kulunjika pofiira. Pa rodibuloko ya Thabwa chimodzimodzi.

Makaniko awiri oyamba sananditenge nthawi. Wina anati gasiketi, imene imamata pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, yapsa, atsegule injini yonse. Wina anati achotse thermostat (kachipangizo kotsegula njira ya madzi opita ku rediyeta injini ikatentha) n'kutaya, poti kuno n'kotentha kale. Mtima wanga unakana.

Wachitatuyu ndi bambo wachikulire wa galaja ina kuseri kwa msika wa Nchalo. Asanagwire sipanala anandifunsa kuti, "Achimwene, imatentha mukamathamanga kapena mukaima?" Nditawayankha, anati galimoto ikamathamanga mphepo imadziwombera yokha pa rediyeta, koma ikaima ntchito yonse imatsalira fani. Anailiza injini ili poima, tonse tikuyang'ana. Muvi unakwera, fani ili duu. Anazimitsa, n'kuona fyuzi: yabwino. Analumikiza fani molunjika ku batire, inazungulira mwamphamvu. Apa anati mota ya fani ilibe mlandu, n'kutembenukira ku relay, kachipangizo kamene kamatsegula ndi kutseka magetsi opita ku fani. Atasinthanitsa ndi ina yofanana nayo, fani inayamba kudzuka yokha injini ikatentha. Kachipangizo kokwana m'chikhatho!

Za gasiketi sanangozikana pakamwa. Anadikira injini izizire kaye, chifukwa chivundikiro cha rediyeta sachitsegula ikali yotentha, madzi ake amathovoka n'kukuwaula nkhope. Kenako anandionetsa kuti m'madzi simukutuluka thovu injini ikulira, oyilo sanasanduke ngati tiyi wamkaka, ndipo ku ekizozi sikukutuluka utsi woyera.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya madzi. Anasuzumira mu rediyeta n'kufunsa kuti ndimathiramo chiyani. Ndinati a pamjigo. Ife akuno tikudziwa kuti mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, ngakhale ketulo imayera m'kati. Zoyerazo n'zimene zinayamba kumata timipaipi ta rediyeta yanga, pamodzi ndi dzimbiri. Anaitsuka m'kati, kunja anachotsa fumbi ndi zinyalala za nzimbe zimene zinatsekera timipata ta mphepo, n'kuthiramo coolant, madzi apadera oziziritsira injini. Thermostat anaiviika m'madzi owira ndikuona, inatseguka, ndipo anaibwezera pamalo pake. Anati kuichotsa n'kubisa matenda chabe, ndipo ikachotsedwa injini imachedwa kufunda m'mawa n'kumamwa mafuta ambiri.

Zodandaula zilipo. Chivundikiro cha rediyeta chinali ndi labala yotha, koma chatsopano analibe, mpaka chinachita kubwera ndi minibasi kuchokera ku Limbe tsiku lotsatira, ndiye galimoto inagona komweko. Pamalopo palibenso mthunzi wa makasitomala. Ndinakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo kwa munthu amene wabwera ndi mwana zingakhale zowawa ndithu. Risiti anachita kulemba nditapempha kawiri.

Mtengo sanandibere. Ananditchulira padera ya relay, ya chivundikiro, ya coolant ndi ya ntchito yawo, ndipo zakalezo anandipatsa m'manja kuti ndipite nazo.

Papita milungu itatu tsopano. Lachisanu lapitali ndinawoloka mlatho wa Kamuzu masana dzuwa lili pamutu, n'kukwera zitunda za Chikwawa kumbuyo kwa lole yodzaza imene imangokwawa, popanda podutsira. Ndinkamva fani ikuyaka n'kuzima yokha, muvi uli pakati mpaka ndinafika ku Blantyre. Mlamu wanga minibasi yake ikuchitanso zomwezi, ndamuuza kale kuti apite kwa bambo omwewa Lolemba.